Charlotte Mason: Mai Amene Ankakonzera Mabanja Chaka cha Maphunziro

Mphunzitsi aliyense amene adaimako pamaso pa ana a misinkhu yosiyana m'chipinda chimodzi amalidziŵa vuto lake. Akayamba ndi wamng'ono, wamkulu amayasamula. Akatembenukira kwa wamkulu, wamng'ono uja wayamba kale kutafuna pensulo kapena kutsina mnzake. Ambiri mwa inu amene mukuŵerenga magazini ino mudzakumana nalo vutoli musanathe ndi chaka chomwe pa ntchito, pakuti si sukulu zonse zimene zili ndi mphunzitsi pa kalasi iliyonse, ndipo ngakhale m'kalasi imodzi mumapezeka mwana wa zaka 6 atakhala pambali pa wa zaka 10. Nchifukwa chake taganiza zokuuzani mbiri ya mai wina wa ku Mangalande, Mai Charlotte Mason, amene kwa zaka zoposa 30 ntchito yawo inali kukonza chaka cha maphunziro cha ana ophunzirira kunyumba, kumene mphunzitsi amakhala mmodzi koma ana atatu kapena anai, aliyense pa msinkhu wake.

Mai Mason adabadwa pa 1 Januwale 1842 pafupi ndi mzinda wa Bangor m'dziko la Wales. Bambo awo adali munthu wamalonda amene zinthu zidamuvuta. Makolo onse aŵiri adamwalira motsatizana mu 1858 ndi 1859, mtsikanayo ali ndi zaka 16 kapena 17, ndipo adatsala wopanda chuma. Kwa nthaŵi yaitali anthu ankadziŵa kuti iye adali mwana mmodzi yekha m'banja, koma buku la Margaret Coombs la mu 2015 lidaonetsa kuti bambo ake adali ndi ana ena ambiri kwa akazi oyamba, ndi kuti mtsikanayo adagwirako ntchito yothandiza aphunzitsi pa sukulu ina ya ana osauka ku Birkenhead. Za ubwana wawo Mai Mason sankakonda kukamba. Mu 1860 adaloŵa koleji ya aphunzitsi ya Home and Colonial Society ku London, imene inkatsata nzeru za Pestalozzi, ndipo chaka chotsatira adapita ku Worthing kukayang'anira sukulu ya Davison, kumene adakhala mpaka 1873.

Nyengo imeneyo inali yoŵaŵa kwa aphunzitsi a ku Mangalande. Kuyambira mu 1862 boma linkapereka ndalama ku sukulu molingana ndi chiŵerengero cha ana amene akhoza mayeso a woyendera sukulu pa kuŵerenga, kulemba ndi masamu. Zotsatira zake munthu angathe kuzilota yekha: aphunzitsi ankaloŵezetsa ana pamtima timabuku toŵerenga mpaka mwana ankatha kutchula tsamba lonse buku lili chotseka, koma osadziŵa chimene akunena. Mai Mason adaziona zimenezi ndi maso awo kwa zaka zoposa 10. Pambuyo pake, kuyambira 1874 mpaka 1878, adaphunzitsa pa koleji ya aphunzitsi ya Bishop Otter ku Chichester, ndipo adachokako chifukwa cha kudwala. Atapezako bwino adasamukira ku Bradford, kumene ankaphunzitsa pa sukulu ya mnzawo ndi kulemba mabuku a jogalafe a ana.

Chimene chidasintha moyo wawo chidayamba ngati kanthu kakang'ono. Tchalitchi cha St Mark's ku Manningham, mbali ina ya Bradford, chinkafuna ndalama zomangira, ndipo Mai Mason, posoŵa ndalama zopereka, adadzipereka kukamba nkhani zingapo kwa amai za kaleredwe ndi kaphunzitsidwe ka ana. Nkhanizo zidakambidwa m'nyengo yozizira ya 1885, ndipo mu 1886 zidasindikizidwa m'buku lotchedwa Home Education. Bukulo lidayenda malonda. Mu 1887 mudabadwa bungwe la makolo limene pambuyo pake lidadziŵika ndi dzina loti Parents' National Educational Union, kapena PNEU mwachidule, ndipo mu 1890 lidayamba kutulutsa magazini yake, Parents' Review.

Kuti timvetse zimene zidatsatira, tiyenera kudziŵa m'mene ana a mabanja opeza bwino ankaphunzirira masiku amenewo. Ambiri, makamaka atsikana ndi anyamata aang'ono, sankapita ku sukulu. Banja linkalemba ntchito mtsikana wophunzirako kuti adzakhale panyumba pomwepo ndi kuphunzitsa ana m'chipinda china cha nyumbayo. Atsikana otereŵa kaŵirikaŵiri adalibe maphunziro a uphunzitsi, malipiro awo adali ochepa, ndipo panalibe woŵayendera kapena woŵauza choti aphunzitse. Wina ankangotsegula buku lililonse limene walipeza pa shelefu. Ana ankatha chaka akubwereza zomwezo, kapena kulumphalumpha, ndipo makolo adalibe njira yodziŵira ngati mwana wawo ali patsogolo kapena m'mbuyo poyerekeza ndi anzake a msinkhu womwewo.

Mai Mason adachita zinthu ziŵiri. Mu 1891 adasamukira ku Ambleside, mudzi wa pakati pa mapiri ndi nyanja kumpoto kwa Mangalande, ndipo mu Januwale 1892 adatsegula koleji yophunzitsa aphunzitsi a m'nyumba, imene adaitcha House of Education. Idayamba ndi ophunzira anai okha. Chachiŵiri, mu 1891 momwemo adayambitsa sukulu yopanda nyumba, yoyendetsedwa ndi makalata, Parents' Review School, imene mu 1907 idasintha dzina nkukhala Parents' Union School. Sukulu imeneyi ndiyo tikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi m'menemo m'mene muli phunziro la ife aphunzitsi.

Chaka chinkagaŵidwa m'zigawo zitatu za masabata pafupifupi 12. Chigawo chisanayambe, banja lililonse lolembetsa linkalandira pa positi chikalata chosindikizidwa chofotokoza ntchito yonse ya chigawocho: phunziro lililonse, dzina la buku, ndi masamba oyenera kuŵerengedwa, kuyambira tsamba lakuti kulekeza tsamba lakuti. Pamodzi ndi chikalatacho panali ndandanda ya nthaŵi ya sabata. Chigawo chikatha, mafunso a mayeso ankafika, ana ankayankha kwa sabata imodzi, ndipo mayankho a zigawo zina ankatumizidwa ku Ambleside kuti akaonedwe. Mwana wosadziŵa kulemba ankayankha pakamwa, kholo kapena mphunzitsi nkumalemba mau ake monga momwe waŵanenera. Motero mai wokhala kutali kumudzi, kapena mkazi wa mmishonale ku Africa kapena ku India, ankatsegula chaka akudziŵa kumene akupita.

Ana ankaikidwa m'magulu otambalala, osati chaka ndi chaka monga masitandade athu. Gulu loyamba linali la ana a zaka 6 mpaka 9, lachiŵiri la zaka 9 mpaka 12, ndipo magulu ena ankapitirira mpaka zaka 18. Mwana wosafika zaka 6 sankaloledwa kuloŵa. Mai Mason ankafuna kuti woteroyo azikhala panja maola anai kapena kuposa pa tsiku nyengo ikakhala yabwino, akuseŵera ndi kuyang'ana zachilengedwe. Kutambalala kwa magulu kudachepetsa kale ntchito ya mphunzitsi, popeza abale aŵiri osiyana zaka ziŵiri ankatha kumvera buku limodzi. Kuwonjezera apo, maphunziro ena adali a nyumba yonse. Chigawo chilichonse ana onse ankayang'ana zithunzi 6 za katswiri mmodzi wojambula, ankamvera nyimbo za wopeka mmodzi, ankaimba pamodzi ndi kuyenda limodzi kutchire. Zimene zinkafuna kuti mwana aliyense ayende pa liŵiro lake zinali kuŵerenga, kulemba ndi masamu.

Nanga mphunzitsi mmodzi ankagaŵika bwanji? Yankho lake lili pa mabuku. Ana a gulu loyamba ankaŵerengeredwa ndi mphunzitsi, koma kuyambira gulu lachiŵiri mwana ankayenera kuŵerenga yekha mabuku ake ambiri, ndipo pofika zaka 9 kapena 10 ankayamba kulemba yekha zimene waŵerenga. Tiyerekeze banja la ana atatu, wa zaka 6, wa zaka 8 ndi wa zaka 11. Pamene mphunzitsi akuŵerengera aŵiri aang'onowo nthano, wamkulu ali pa tebulo lake ndi buku la mbiri yakale. Pamene wa zaka 6 akuphunzira zilembo ndi mphunzitsi, wa zaka 8 akukopera mizere iŵiri mosamala m'kope mwake. Ikafika nthaŵi ya masamu a wamkulu, aang'ono aja akuumba dongo kapena kujambula. Chinsinsi chake nchakuti pa mphindi iliyonse gulu limodzi lokha ndilo likufuna pakamwa pa mphunzitsi, ndipo ena ali ndi ntchito yeniyeni imene angathe kuigwira okha, osati ntchito yongoŵatseka pakamwa.

Maphunziro ake adali aafupi modabwitsa. Kwa ana a gulu loyamba phunziro linkatenga mphindi 10, 15 kapena 20, ndipo tsiku lonse la sukulu linkayamba 9 koloko ndi kutha 11:30 m'maŵa, kuphatikizapo nthaŵi ya maseŵera olimbitsa thupi. Akuluakulu ankawonjezera theka la ola kapena ola limodzi ndi theka. Masana adali a kuyenda panja, ntchito zamanja ndi kuseŵera, ndipo ana aang'ono sankapatsidwa ntchito yokachita madzulo. Maphunziro ankasanjidwa mosinthanitsa, lofuna kuganiza kwambiri nkutsatidwa ndi lofuna manja kapena mau, kuti mbali imodzi ya mwana izipuma pamene ina ikugwira ntchito. Nthaŵi ikakwana, phunziro linkatha, kaya ntchito yatha kaya sidathe. Mai Mason ankakhulupirira kuti mwana akadziŵa kuti masamu ali ndi mphindi 20 zokha ndipo sizibweranso, amaika mtima wonse pamenepo, koma akadziŵa kuti akhala pa masamu mpaka masana, amaphunzira kuzengereza.

Apa tivomereze kuti ife tomwe tidakayika poyamba. Tsiku lina tikuyendera wophunzira wathu amene ankayeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi, tidatenga wotchi ndi kuŵerenga mphindi zimene ana a Sitandade 2 adatchera khutu pa phunziro la mphindi 30. Zidakwana pafupifupi 12. Zotsalazo zidathera pa kuŵakhalitsa chete ndi kubwereza zimene zidanenedwa kale, ndipo cholakwa sichinali cha wophunzira wathuyo ayi, popeza chikonzero cha phunzirolo tidachivomereza ndi kuchisaina ndi ife. Ndandanda ya boma sitingaisinthe, koma palibe lamulo loletsa mphunzitsi kudula phunziro lake paŵiri, theka la kumva ndi theka la kuchita.

Njira imene dzina la Mai Mason limadziŵika nayo koposa ndi ya kufotokozanso. Mphunzitsi amaŵerenga ndime kamodzi kokha, osabwereza, kenaka mwana amafotokoza m'mau akeake zimene wamva. Mphunzitsi samudula pakamwa, samuwongolera galamala ali mkati molankhula, ndiponso samupanikiza ndi timafunso ta dzina ndi chaka. Ana akakhala angapo, mmodzi amayamba, wina nkupitiriza, wachitatu nkuwonjezera zimene anzake asiya, ndipo popeza palibe amene akudziŵa kuti atchulidwa ndani, onse amamvetsera. Kuŵerenga kamodzi kokhako ndiko mutu wa nkhani. Mwana wozoloŵera kuti aphunzitsi abwereza katatu samva ulendo woyamba ndi wachiŵiri. Ndiponso kufotokoza si kuloŵeza pamtima: kuti mwana afotokoze ayenera kusankha chachikulu, kusanja zochitika m'dongosolo lake ndi kupeza mau, ndipo ntchito yonseyo ndiyo imakhazikitsa chidziŵitso m'mutu mwake. Kwa ife amene tidakulira pa nthano za agogo madzulo, njira imeneyi si yachilendo konse. Mwana amene wamva nthano ya Kalulu usiku umodzi amakaikamba yonse kwa anzake kudambo m'maŵa mwake, nyimbo yake yomwe, popanda womulembera manotsi pa bolodi. Chodabwitsa nchakuti luso limeneli timalisiya pakhomo la kalasi.

Koma kufotokozanso kumatheka pokhapokha pali chinthu choyenera kufotokozedwa. Mai Mason ankadana ndi timabuku touma tongondandalika mfundo, ndiponso ndi timabuku topeputsa ana ngati zitsiru. Ankafuna mabuku olembedwa ndi munthu mmodzi wokonda nkhani yake, m'chilankhulo chokoma. Ana a zaka 7 ndi 8 ankamvera buku la John Bunyan la Pilgrim's Progress. A gulu lachiŵiri ankaŵerenga maseŵero a Shakespeare ndi mbiri za anthu otchuka zolembedwa ndi Plutarch. Mwana aliyense adali ndi kope la zachilengedwe, m'mene ankajambula duŵa, mbalame kapena kachilombo kamene waona, ndi kulemba tsiku lake. Pansi pa zonsezi panali chikhulupiriro chawo chachikulu, chakuti mwana ndi munthu wathunthu kuyambira tsiku lobadwa, wokhala ndi njala ya nzeru monga ali ndi njala ya chakudya, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kumuikira chakudya chamitundumitundu, kudya nkwa mwini wake. Chifukwa cha chikhulupiriro chomwechi sankafuna mphotho, mipikisano ya malo m'kalasi, kapena kuopseza, poona kuti zimenezi zimaphunzitsa mwana kukonda mphothoyo m'malo mwa nzeru.

Tisaŵajambule ngati mngelo. Mai Mason adali munthu wosagonja pa maganizo awo. Mu 1894 mamembala ena a PNEU, motsogozedwa ndi Lady Isabel Margesson, adafuna kuti bungwelo litchule maina a Pestalozzi, Froebel ndi Herbert Spencer pa zolinga zake. Iwo adakana, mkangano udakula, ndipo otsutsawo adachoka. Mu 1912 adalemba kalata ku nyuzipepala ya The Times yodzudzula njira za Maria Montessori, zimene panthaŵiyo zinkatamandidwa ponseponse. Pa koleji yawo, imene cha m'ma 1895 idasamukira m'nyumba yaikulu yotchedwa Scale How, wophunzira ankaphunzitsa ana pamaso pa iwo, aphunzitsi ndi ophunzira anzake onse, kenaka nkumva zolakwa zake poyera. Inu amene mumanjenjemera ndi mphunzitsi mmodzi wokhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope lake mungathe kumva m'mene mitima ya atsikana ameneŵa inkagundira. Tinenenso kuti mabuku a mbiri amene ankasankhidwa adali a nthaŵi ya ufumu wa Britain, oona dziko lonse lapansi ndi maso a Mngelezi. Mphunzitsi wa kuno angatengeko njira, koma mndandanda wa mabukuwo ayenera kudzipangira wake.

Funso lalikulu limene lidatsala linali lakuti, kodi zonsezi si za ana a anthu olemera okha, ana atatu m'chipinda chofunda chodzaza mabuku? Kwa zaka zoposa 20 otsutsa adali ndi mfundo, pakuti sukulu ya makalata ija inkatumikira mabanja okhoza kulipira. Yankho lidadza cha m'ma 1914, pamene mnzawo wakalekale, Mai Emeline Steinthal, adathandiza kuti ndondomeko zomwezo ziyesedwe pa sukulu ya boma ya ku Drighlington, mudzi wa anthu okumba malasha pafupi ndi Bradford, pansi pa mphunzitsi wamkulu Mai Ambler. Ana a anthu a m'migodi, m'makalasi aakulu, adamvera mabuku omwe aja ndi kuŵafotokoza bwino lomwe. Kuyambira 1917 mkulu woyang'anira maphunziro m'boma la Gloucestershire, H. W. Household, adaloŵetsa njirayi m'sukulu zambiri za m'dera lake. Mai Mason, amene tsopano adali ndi zaka zoposa 70, adaona ichi ngati chinthu chachikulu koposa pa moyo wawo, popeza chidatsimikiza kuti njala ya nzeru siyang'ana thumba la bambo wa mwana. Vuto limene lidaoneka linali la mtengo wa mabuku, ndipo ili ndi vuto limene ife tikulidziŵa bwino kuposa iwo. Komabe taonani kuti pa gulu la ana aang'ono buku lofunika ndi limodzi lokha, lokhala m'manja mwa mphunzitsi.

Zaka zawo zomaliza adazitha ali wodwaladwala. Mtima unkaŵavuta, ntchito yambiri ankaigwira ali chogona pa mpando wautali, akunena mau ndipo mlembi wawo Elsie Kitching akulemba. Chaka ndi chaka ankapita ku Bad Nauheim m'dziko la Germany kukalandira chithandizo, ndipo nkhondo ya 1914 idaŵapeza komweko. Ngakhale zinali choncho, chigawo chilichonse ankasankha mabuku ndi kukonza mafunso a mayeso, ndipo ankaŵerenga mayankho a ana kuti aone buku limene lagwira mtima ndi limene lalephera. Buku limene ana sadathe kulifotokoza bwino linkachotsedwa pa ndondomeko, chifukwa kwa iwo mayeso ankayesa bukulo ndi wolisankha pamodzi ndi mwanayo. Inu mukadzayamba kulemba masikimu anu a chaka chachiŵiri, mudzatsegule kaye makope a ana a chaka choyamba.

Mai Mason sadakwatiwe ndipo adalibe mwana wawowawo. Adamwalira ku Scale How pa 16 Januwale 1923 ali ndi zaka 81, ndipo adaikidwa m'manda a tchalitchi cha St Mary's ku Ambleside. Buku lawo lomaliza la zamaphunziro, An Essay Towards a Philosophy of Education, lidatuluka mu 1925. Koleji yawo idatchedwa Charlotte Mason College, ndipo itadutsa m'manja osiyanasiyana, malo ake adakhala mbali ya University of Cumbria mu 2007. Ku Mangalande dzina lawo lidazilala pang'onopang'ono, mpaka mu 1984 pamene Susan Schaeffer Macaulay adalemba buku lotchedwa For the Children's Sake, limene lidadzutsa chidwi cha makolo ophunzitsa ana awo kunyumba, makamaka ku America. Zikalata za zigawo zija, ndandanda za nthaŵi ndi makope a zachilengedwe a ophunzira awo zikusungidwa ku nyumba yosungiramo zakale ya Armitt ku Ambleside komweko.